Mwafika ku Yokohama: zoyenera kuchita miyezi itatu yoyamba

Ikamakwana Malichi ndi Sepitembala foni yanga sipuma. Wina wapeza sikolashipu ya boma la Japan yotchedwa MEXT, wina akubwera kudzera ku JICA, bungwe la Japan lothandiza mayiko ena, pa pologalamu ya maphunziro ya ABE Initiative, wina akutsatira amuna ake. Funso limakhala lomwelomwelo: “Achimwene, ndikafika ndiyambire pati?” Ndayankha pa WhatsApp mpaka zala kuwawa, ndiye lero ndilembe kamodzi, aliyense adziwerengere.

Ndikulemba za Yokohama chifukwa ndi kumene ndimakhala. Za ziphaso ndi za boma lonse la Japan, koma za zinyalala mzinda uliwonse uli ndi zake, choncho ngati mukupita ku Kyoto, Nagoya kapena Fukuoka mukatenge buku la mzinda wanuwo.

Chinthu chimodzi muchigwiritse musanawerenge zina zonse. Kwathu ukalakwitsa, aneba amakuuza pomwepo, mwina mokuwa, mawa lake mwadyera limodzi. Kuno palibe adzakukalipireni. Anthu amangoti zii, kukuweramirani mwaulemu, kenako uthenga umabwera pa pepala: m’bokosi la makalata, pa chitseko, kapena pa jumbo yanu ya zinyalala. Wakuti zii sanavomereze.

1. Musananyamuke

Nyamulani mthiko ndi chipande, kuno simukazipeza. Nyama ya mtundu uliwonse, yofutsa, yowamba, soseji, isiyeni. Malamulo ake ndi okhwima ndipo chindapusa chimatha kufika ma yen 3 miliyoni. Mbewu, zipatso ndi masamba nazo zili ndi malamulo ake. Chilichonse chochokera kumunda chimene mwanyamula kachionetseni pa kauntala ya zomera pa bwalo la ndege, musabise.

Magetsi a kuno ndi a 100V pomwe kwathu ndi 230V, ndipo mapulagi ake ndi a mano awiri ophwatalala. Tchaja cha foni ndi cha laputopu chimangofuna adaputala. Ayironi ndi ketulo musavutike nazo.

2. Pa bwalo la ndege

Mukatera ku Narita kapena ku Haneda mudzalandira khadi lotchedwa zairyū kādo. Ichi ndiye chitupa chanu cha m’dziko muno. Onetsetsani pomwepo kuti dzina ndi tsiku lobadwa zalembedwa monga zilili mu pasipoti. Khadili muziyenda nalo paliponse, ngakhale pokagula buledi pa golosale ya pakona. Apolisi ali ndi mphamvu yolifunsa, ndipo kupezeka mulibe kungakulipiritseni mpaka ma yen 200,000.

Ophunzira amene mukuganiza zodzagwira ganyu, pemphani chilolezo chake pa bwalo pomwepo. Dzina lake ndi shikakugai katsudō kyoka. Chimalola maola 28 pa sabata, kuphatikiza maganyu onse amene muli nawo, ndi maola 8 pa tsiku nthawi ya tchuthi chachitali. Amene amapyola malirewa amakaonekera pokonzanso viza. Funsaninso amene akukulipirirani sukulu, chifukwa ena salola ganyu.

3. Ku ofesi ya chigawo, masiku 14 asanathe

Yokohama ali ndi zigawo 18, ndipo chilichonse chili ndi ofesi yake yotchedwa kuyakusho. M’mizinda ing’onoing’ono amati shiyakusho. Mukangopeza pokhala muli ndi masiku 14 oti mukalembetse adiresi. Tengani pasipoti, khadi lija, ndi adiresi yolembedwa m’Chijapanizi pa pepala. Adzaisindikiza kuseri kwa khadi, ndipo popanda zimenezi banki, foni ndi zina zonse sizitheka.

Musachoke pa ofesipo musanachite zinthu zitatu. Choyamba, lowani inshuwalansi ya zaumoyo, kokumin kenkō hoken, ngati si abwana anu akuntchito amene akukulowetsani ina. Imalipira 70 peresenti ya ndalama za kuchipatala, inu n’kulipira 30. Mtengo wake amawerengera pa ndalama zimene munapanga m’Japan chaka chathachi, ndiye nenani momveka kuti simunapange kalikonse, mulembe pa fomu yake. Ambiri salemba, kenako amadabwa ndi bilu yaikulu. Kuzemba sikuthandiza: tsiku limene mudzalowe adzakulipiritsani kuyambira pamene munafika.

Chachiwiri, penshoni. Aliyense wa zaka 20 mpaka 59 amayenera kukhala mu kokumin nenkin, mlendo yemwe. Ophunzira ndi opeza zochepa angathe kupempha kuti asalipire kaye, koma muyenera kupempha, sizichitika zokha. Chachitatu, gulani makope awiri a jūminhyō, kalata yotsimikiza kumene mukukhala. Ndi ma yen mahandiredi ochepa ndipo idzafunidwa posachedwa.

Patapita masabata angapo mudzalandira kalata ya My Number, nambala yanu ya manambala 12. Pemphani khadi lake la pulasitiki, chifukwa kuyambira Disembala 2024 boma linasiya kupereka makhadi akale a inshuwalansi ndipo zipatala zikugwiritsa ntchito limeneli kapena kalata yapadera yolowa m’malo mwake. Nambalayi musamaitumize kwa munthu wamba.

4. Foni, banki ndi dzina lanu

Banki imafuna nambala ya foni, kampani ya foni imafuna njira yolipirira. Yambani ndi SIM ya makampani amene amalandira alendo, kenako pitani ku banki ya positi ofesi, Japan Post Bank, imene eni ake amati Yūcho. Mabanki ena ambiri amafuna mutakhala miyezi 6 kaye.

Adzakufunsani dzina m’zilembo za katakana. Khalani pansi ndi Mjapanizi mmodzi, mugwirizane kalembedwe kamodzi, mukalembe pa pepala n’kuika mu waleti. Maina athu oyamba ndi Mph-, Nkh- kapena Ng’- amatha kulembedwa njira zitatu, ndipo banki ikalemba mwina, sukulu mwina, ndalama zanu zimabwerera kumene zachokera. Akaunti yanu musabwereke munthu kapena kugulitsa, ngakhale mnzanu wa kumudzi, ndi mlandu. Ikaninso LINE pa foni, chifukwa anzanu a m’kalasi ndi akuntchito sali pa WhatsApp.

5. Nyumba

Ngati sukulu yakupatsani malo ku hositelo, landirani ndi manja awiri. Ngati mukufuna yanu, dziwani mawu awa. Shikikin ndi chikole, chimabwezedwa akachotsapo zokonzetsera. Reikin ndi ndalama yothokoza eni nyumba, siibwerera. Pamakhalanso ya ejenti, ya inshuwalansi ya moto, ndi ya kampani yokuimirani ngati mulibe hoshōnin, munthu wolonjeza kulipira inu mukalephera. Zonse pamodzi zimafika lendi ya miyezi inayi kapena isanu musanagonemo n’komwe. Nyumba za bungwe la boma lotchedwa UR zilibe reikin, ejenti kapena hoshōnin, koma amayang’ana ndalama zimene mumapeza.

Eni nyumba ena amakana alendo. Zinandichitikira: ejenti anaimba foni ndili pomwepo, anatchula mawu oti gaikokujin, kutanthauza munthu wakunja, kenako anaika foni pansi n’kundipepesa. Zinandipweteka masiku angapo. Muuzeni ejenti poyambirira kuti akuonetseni nyumba zokhazo zimene eni ake avomera kale alendo, mtima wanu usavulale pachabe.

Nyumba imabwera yopanda kanthu, nthawi zina ngakhale babu kapena katani. Jambulani chilema chilichonse pa khoma ndi pansi tsiku loyamba. Gasi satsegula inu kulibe, ndiye pangani nawo tsiku msanga, mungasambe madzi ozizira sabata yathunthu. Nsapato zimathera pa genkan, kamalo kotsika ka pakhomo.

Phokoso ndilo limatigwetsa ife. Japan ali patsogolo ndi maola 7, kutanthauza kuti abale akamaweruka 6 koloko madzulo ku Lilongwe, kuno ndi 1 koloko usiku. Makoma a tinyumba tamatabwa ndi opyapyala, ndipo ife tikamacheza ndi amayi pa foni timaseka ndi mtima wonse. Mukapeza kalata yopita kwa “onse okhala m’nyumba muno” yonena za phokoso la usiku, musaganize kuti akunena wina. Imbani mafoni ataliatali Loweruka ndi Lamlungu masana, ndipo makina ochapira asalire usiku.

6. Zinyalala

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ambiri amakuuzani mwachidule kuti “muzisankha zinyalala” n’kupitirira. Aneba anu sadzadziwa zimene mukuphunzira kapena ntchito imene mumagwira. Chimene adzaone sabata iliyonse ndi jumbo yanu. Mbiri yanu pa mdadada wonse, ndi ya mlendo aliyense amene adzapemphe nyumbayo inu mutachoka, ili m’jumbomo.

Tsiku lolembetsa adiresi pemphani buku la zinyalala la Chingerezi. Kenako pitani pa malo otayira a nyumba yanu mukajambule chikwangwani chimene chili pamenepo, chifukwa masiku amasiyana dera ndi dera. Malo otayirawo si dzala ayi. Nthawi zambiri ndi kangodya chabe ka msewu kokhala ndi ukonde kapena bokosi lopinda, ndipo galimoto ikadutsa pamayenera kutsala poyera.

Ku Yokohama zinyalala zimatuluka m’mawa wa tsiku lake, 8 koloko isanakwane, m’majumbo oonekera mkati. Usiku musatulutse. Akhwangwala a kuno ndi akuluakulu ndi ochenjera. Amang’amba jumbo n’kumwaza mafupa a nkhuku msewu wonse, ndipo amene amasesa ndi agogo a nyumba yoyandikana. Mukaika jumbo, ikokereni ukonde mpaka pansi.

Magulu ake ndi awa. Moyasu gomi ndi zootcha: zotsala za kukhitchini, mapepala odetsedwa, matewera. Zimatengedwa kawiri pa sabata. Finyani madzi musanamange. Mafuta okazingira musathire mu sinki. Anyowetsereni m’nyuzipepala kapena gulani ufa wowaumitsa, alowe m’zootcha. Magalasi osweka, mbale zadothi ndi machubu a magetsi kulungani pa pepala, lembanipo chimene chili mkati, muike padera. Mabatire ndi zitini za sipuleyi nazo chilichonse m’jumbo yakeyake. Batire ya foni kapena power bank isalowe m’zootcha ngakhale pang’ono, imayatsa moto m’galimoto ya zinyalala.

Pulasitiki ili ndi tsiku lake kamodzi pa sabata. Yang’anani kachizindikiro ka プラ pa paketi: mathireyi a nyama, mapepala a masiwiti, makapu a yogati. Tsukuluzani kaye. Zitini, mabotolo agalasi ndi mabotolo a zakumwa otchedwa PET alinso ndi tsiku lawo. Botolo limodzi la madzi limagawika patatu: chitsekerero ndi lebulo kupita ku pulasitiki, botolo lenilenilo kulitsuka, kuliponda, kupita ku PET. Pamenepa ndi pamene pafupifupi mlendo aliyense amaphonya. Makatoni ndi manyuzi amamangidwa ndi chingwe ndipo m’madera ambiri amatoleredwa ndi bungwe la anthu a m’deralo, pa tsiku lina. Paketi ya mkaka imatsukidwa, kudulidwa kuti itambasuke, n’kuyanikidwa.

Zikuluzikulu amati sodai gomi. Ku Yokohama chachitsulo chofika masentimita 30 kapena china chilichonse chofika masentimita 50 chalowa m’gulu limeneli. Mumaimba foni kapena kulembetsa pa intaneti, amakupatsani tsiku ndi mtengo, mumagula sitika ku konbini, magolosale aja osatseka usiku, n’kuimata pa katunduyo. TV, firiji, makina ochapira ndi eyakoni mzinda sutenga. Zili ndi lamulo lakelake ndipo mumalipira kudzera kwa ogulitsa. Chilichonse chokukayikitsani, lembani dzina lake pa MIctionary, tsamba la mzinda lofufuzira zinyalala. Safunsa anadya phula.

Mukalakwitsa, jumbo yanu imasiyidwa itamatidwa sitika. Ine inandipeza sabata yachiwiri. Ndikubwera madzulo ndinaona jumbo imodzi yokha pansi pa ukonde, ndipo ndinaizindikira ndili patali chifukwa cha chitini cha tomato chimene chinkaonekera mkati. Mtima unandiuza kuti ndidutse ngati si yanga. Ndinaitenga, kukwera nayo, kuimasula pa nyuzipepala m’khitchini n’kusankhanso chimodzichimodzi. M’mawa wa tsiku lotsatira lotaya ndinakumana ndi mayi wina wachikulire amene amasesa pamalopo. Ndinawerama n’kunena kuti “sumimasen deshita”, kupepesa. Sanayankhe zambiri. Anatenga botolo m’manja mwanga, kung’amba lebulo ndi chikhadabo pa mzere wa timabowo, kundionetsa, n’kundibwezera. Kuyambira tsiku limenelo amandipatsa moni, ndipo ndi amene anadzandiuza za kiliniki yabwino nditadwala.

Chitani chimodzimodzi: tengani jumbo yanu tsiku lomwelo. Mzinda uli ndi mphamvu yotsegula majumbo osasankhidwa, kuchenjeza mwini wake, ndi kumulipiritsa ma yen 2,000 akapitiriza, koma chachikulu si ndalamayo. Ngati dera lanu lili ndi ndandanda yosesa pa malo otayira, ikafika pa inu sesani.

7. Bokosi la makalata

Tsegulani tsiku lililonse. Envulopu yochokera ku kuyakusho musaiike pansi pa matiresi chifukwa choti simutha kuwerenga. Jambulani ndi foni imasulire, kapena pitani nayo ku international lounge ya pafupi nanu, kumene kuli anthu othandiza alendo mwaulere. Mabilu okhala ndi bakhodi amalipiridwa ku konbini. Kapepala kotchedwa fuzaihyō kakutanthauza kuti anabwera ndi katundu inu kulibe, ndipo kali ndi njira yopanganirana tsiku lina.

Amene mukugwira ntchito, sungani ndalama ya jūminzei, msonkho wa mzinda. Amawerengera pa zimene munapeza chaka chatha ndipo umayamba mu Juni, choncho chaka choyamba simuuona, chachiwiri umakudzidzimutsani. Misonkho ndi inshuwalansi zosalipira zimakutsatani pokonzanso viza.

8. Sitima ndi njinga

Gulani Suica kapena Pasmo, khadi limodzi la sitima, basi ndi kugolosale. Ngati njira yanu ndi imodzimodzi tsiku lililonse, tikiti ya mwezi yotchedwa teiki imatchipa. M’sitima salankhula pa foni. Dziwani nthawi ya sitima yomaliza, chifukwa ikakusiyani palibe minibasi kapena kabaza, ndipo takisi ndi yodula kwambiri.

Magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu. Njinga iliyonse imalembetsedwa m’dzina la mwini wake, bōhan tōroku. Mnzanu akakupatsani yake musinthe dzina, ndipo njinga yooneka ngati yotayidwa musaikhudze. Apolisi akakuimitsani n’kupeza dzina la wina, nkhani yake ndi yakuba. M’chigawo cha Kanagawa, mmene muli Yokohama, inshuwalansi ya njinga ndi lamulo. Kupalasa mutamwa mowa kapena mukuyang’ana foni ndi mlandu, ndipo zilango zake anazikhwimitsa mu Novembala 2024.

9. Ndiwo

Simufa ndi njala. Komatsuna amaphikika ngati mpiru. Niboshi, tinsomba touma timene eni ake amapangira msuzi, mukatikazinga ndi tomato ndi anyezi mumakumbuka usipa. Yatsani fani ya pamwamba pa chitofu, fungo lisalowe kwa aneba. Therere amati okura, mbatata ndi satsumaimo, maungu ndi kabocha, ndipo nyemba za kintoki sizisiyana kwenikweni ndi zathu zofiira. Ufa ndiwo umavuta. Ku Tsurumi kuli anthu ambiri ochokera ku South America, ndipo m’masitolo a anthu a ku Brazil mumapezeka ufa wachikasu wotchedwa fubá. Nsima yake imagwira bwino. Woyera umapezeka pa intaneti ndi m’masitolo a Afirika, koma modula.

Gyōmu Super ndi yotchipa pa nkhuku, mafuta ndi zamufiriji. Madzulo masupamaketi amamata masitika otsitsa mtengo. Chizindikiro cha 半額 chikutanthauza theka.

10. Kudwala ndi zivomezi

Mukadwala yambirani ku kiliniki yaing’ono ya pafupi. Chipatala chachikulu mukapita popanda kalata yotumizira, shōkaijō, amawonjezera ma yen 7,000 kapena kuposa. Ambulansi ndi ozimitsa moto ndi 119, apolisi ndi 110.

Chivomezi chisanafike foni imatha kulira mochititsa mantha. Lowani pansi pa tebulo, tetezani mutu, musathamangire panja. Sabata yoyamba yomwe yendani wapansi mukaone hinanjo yanu, malo othawirako, nthawi zambiri sukulu ya pulayimale. Sungani madzi a masiku atatu, malita atatu pa munthu pa tsiku, tochi ndi zakudya za m’zitini. Mzinda uno unaphwasuka ndi chivomezi cha pa 1 Sepitembala 1923, ndipo eni ake satenga nkhaniyi mwachibwana.

Mu Juni ndi Julaye kumagwa mvula ya tsuyu, chinyezi chimachititsa chuku nsapato ndi masuti. Tsegulani mawindo ndi makabati. Mu Ogasiti imwani madzi ngakhale mulibe ludzu, ndipo musaope kuyatsa eyakoni chifukwa cha bilu.

11. Mwezi wachitatu

Mapepala akatha, mpamene kusungulumwa kumalowa. Amene mwafika mu Okutobala, mwezi wachitatu ukukupezani mu Disembala, dzuwa likulowa 5 koloko isanakwane, m’nyumba mukuzizira, kwathu anthu akudya mango. Mukhoza kutha masiku atatu osamva munthu akufunsa kuti mwadzuka bwanji. M’sitima mpando wa pambali panu nthawi zina umatsala wopanda munthu. Ana amakuyang’anitsitsani. Sindikuuzani kuti sizipweteka, ndipo sindikuuzani kuti aliyense wochita zimenezi amakudani. Ambiri amaopa kuti muwalankhula Chingerezi. Koma musazisunge nokha m’chipinda.

Lowani kalasi ya Chijapanizi ya anthu ongodzipereka ku international lounge. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri ndipo aphunzitsi ake ambiri ndi opuma pantchito amene ali ndi nthawi yocheza. Phunzirani zilembo za hiragana ndi katakana mwezi woyamba. Sumimasen (pepani) ndi onegaishimasu (chonde) zimatsegula zitseko zambiri. Munthu akati “chotto...” n’kukoka mpweya, wakana, musaumirire. Kumbali ya nthawi, 9 koloko ndiye kuti 8:55 mwafika kale, ndipo mukaona kuti muchedwa ngakhale mphindi zisanu, tumizani uthenga.

Amapemphero, ku tchalitchi cha Katolika cha Sacred Heart ku Yamate kuli misa ya Chingerezi, ndipo ku Tsuzuki kuli mzikiti. Kadziwitseni ofesi ya kazembe wa Malawi ku Tokyo kuti mwafika. Musadabwenso mukakumana ndi Mjapanizi wokupatsani moni wa “Muli bwanji?” JICA yakhala ikutumiza anthu ongodzipereka ku Malawi kuyambira 1971, ndipo ambiri a iwo anabwerera ndi Chichewa ndi chikondi cha nsima. Afunefuneni. Maganizo akakulemerani mpaka kusowa tulo, TELL ndi bungwe lomvetsera anthu pa foni m’Chingerezi.

12. Popita kwathu ku tchuthi

Onani tsiku lothera khadi lanu musanagule tikiti. Viza imayamba kukonzedwanso kutatsala miyezi itatu. Pa bwalo la ndege dzazani kakhadi kotulukira ndi kuchonga bokosi losonyeza kuti mubwerera chaka chisanathe. Mukatuluka ngati wopita osabweranso, khadi lanu amaliboola ndipo chilolezo chokhalira chathera pomwepo.

Pobwerako tengerani anzanu akuntchito, aphunzitsi ndi aneba kamphatso, omiyage. Tiyi wa ku Thyolo kapena khofi wa ku Mzuzu amalandiridwa bwino, makamaka m’timapaketi ting’onoting’ono togawika. Ndipo mukatentha thupi m’masabata otsatira, musadikire. Uzani dokotala musanakhale n’komwe pa mpando kuti mwachokera ku dziko la malungo, mutchule mawu oti mararia, mupemphe kuyezedwa magazi tsiku lomwelo. Madokotala ambiri a kuno sanaonepo wodwala malungo, ndipo akhoza kukupatsani mankhwala a chimfine n’kukuuzani kuti mubwerenso pakatha masiku atatu.